Kadontho Komwe Anapeza a Gervazio

Amene amakwera basi ya 41 ku Swords, tauni ya kumpoto kwa Dublin ku Ireland, m'mamawa amawadziwa a Gervazio Chadewa, ngakhale ambiri sadziwa dzina lawo. Ndi bambo wamtali, wa imvi zoyambira cha m'makutu, yemwe asanaponde pakhomo la basi amayamba wakweza maso kumwamba, n'kutulutsa kabuku m'thumba la jekete, n'kulembamo kanthu. Chizolowezichi anachoka nacho kumudzi. Kwa zaka khumi ndi zinayi anagwira ntchito yoyeza zanyengo pa kasiteshoni kena m'boma la Dedza. Tsiku lililonse, ngakhale la Khirisimasi, ankatsegula kabokosi koyera ka mipatamipata n'kuwerenga kutentha, kukhuthula madzi a m'geji ya mvula, kenako n'kuima pabwalo kugawa thambo m'maganizo magawo asanu ndi atatu, kuti aone kuti ndi angati aphimbidwa ndi mitambo, ndiponso mitambo yake ndi yamtundu wanji. Sukulu analekezera Fomu 4, koma thambo ankaliwerenga bwino kuposa mabwana awo ena.

Ku Ireland anafika mu 2012 ndi akazi awo, a Ellen, ndi mwana wawo wamkazi Womba akadali wakumsana. Sanachoke kwawo mwakufuna. Achimwene awo anali atalowerera nkhani za ndale, ndipo atathawa, anthu osadziwika anayamba kumagogoda pakhomo pa a Gervazio kufunsa komwe abisala. Achimwenewo anadzapezeka ali moyo ku Chipata patapita zaka, koma nkhaniyi a Gervazio sakonda kuikamba. Chimene amakamba ndi hositelo imene anawaika, kutali ndi Dublin, chipinda chimodzi anthu atatu, kudikira yankho la mapepala. Kugwira ntchito kunali koletsedwa, kudziphikira nakonso ayi. Amuna anzawo ena anayamba mowa, ena ankangogona mpaka masana. Iwo anapempha kope kwa wansembe wa parishi yapafupi n'kuyamba kulemba za nyengo ataima pawindo, katatu patsiku. Anzawo ankawaseka kuti akuwerengeranji mitambo m'dziko limene mitambo sichoka. Ankangoyankha kuti mitambo ya lero si ya dzulo. M'zaka zisanu ndi chimodzi anadzaza makope khumi ndi limodzi.

Mu 2018 analoledwa kugwira ntchito, ndipo posakhalitsa mapepala anatuluka. A Ellen anachita kosi yosamalira okalamba n'kupeza malo panyumba ina ya nkhalamba ku Drumcondra. A Gervazio anayamba ndi kukonza m'ndege, kutolera makapu ndi kupinda mabulangete, n'chifukwa chake banjali linakhazikika ku Swords, pafupi ndi bwalo la ndege. Patapita zaka zitatu, kampani ina yokonza m'maofesi inawalemba n'kuwatumiza ku yunivesite ina kumwera kwa mzinda, m'nyumba ya asayansi. Ulendo wake unali wa mabasi awiri, koma shifiti yake inali yosasinthasintha, 6 koloko mpaka 2 koloko masana.

M'khonde lapamwamba la nyumbayo munali sikirini yaikulu pakhoma. Tsiku loyamba anaidutsa ndi mopo osaiyang'ana. Tsiku lachiwiri anaima. Inkaonetsa thambo lonse m'chithunzi chozungulira ngati mbale, nyenyezi zikuyenda pang'onopang'ono, usiku wonse wapitawo m'mphindi ziwiri zokha, kenako n'kuyambiranso. Sanachite kufunsa kuti adziwe kuti silinali thambo la Dublin. Mlalang'amba unkadutsa pakati ngati msewu wafumbi, ndipo chapambali panali timabanga tiwiri totuwa, tooneka ngati mitambo koma tosatengeka ndi mphepo, timene ali ku Dedza anaphunzira kusatiwerengera pa mitambo. Panali patatha zaka zisanu ndi zinayi asanationenso. M'munsi mwa chithunzicho munali manambala amene ankawadziwa: kutentha, chinyezi, mphepo, ndi mawu onena ngati denga linali lotsegula kapena lotseka. Kuti linali denga la chiyani, sanadziwe. Kuyambira m'mawa umenewo anatsegula tsamba lina chakumapeto kwa kabuku kawo, la thambo la pa sikirini.

Ofesi yoyandikana ndi sikiriniyo inali ya mayi wina dzina lake Louisa, wasayansi ya zakuthambo, amene ankafika kuntchito tsitsi lili chinyowere chifukwa ankayamba wasambira m'nyanja kwawo ku Dún Laoghaire, kaya kuzizire bwanji. Ankapatsana moni tsiku ndi tsiku. A Gervazio atamutchula kuti Dokotala, iye anakana, nati m'nyumba muno aliyense ndi dokotala ndiye dzinalo silithandiza kanthu. Kupitirira apo sankalankhulana.

M'mawa wina wa Novembala anamupeza ataima pa sikiriniyo ndi kapu ya khofi, akudzilankhulira yekha mokwiya kuti denga latsekanso thambo lili bwinobwino. A Gervazio anakolopa mpaka kumapeto kwa khonde, n'kubwerera, n'kukolopanso pomwe anali atakolopa kale. Mtima unkawauza kuti si zawo. Pomaliza anaimika mopo.

"Mundikhululukire," anatero m'Chingelezi chaulemu chimene anaphunzira kwa ansembe, "koma denga lanulo silikutseka chifukwa cha mitambo. Likutseka chifukwa cha mwezi."

Louisa anatembenuka n'kuwafunsa kuti adziwa bwanji. Anatsegula kabuku kaja. M'miyezi itatu denga linali litatseka maulendo asanu ndi anayi thambo lili loyera, ndipo ulendo uliwonse linkatseka mwezi utangotuluka kuseri kwa kaphiri ka kum'mawa. Masiku amene mwezi unali waung'ono silinatsekepo. Louisa anayang'anitsitsa mizere ya pensuloyo nthawi yaitali, kenako anapempha kuti ajambule masambawo pafoni. Atatero anawakokera muofesi, n'kuchotsa mulu wa mapepala pampando kuti akhale.

Umu ndi momwe a Gervazio anamvera koyamba ntchito ya denga lija. Kumwambaku, anafotokoza Louisa, kuli masatelayiti amene amangodikira kung'anima kwa cheza champhamvu chotchedwa gamma, chimene maso saona ndipo sichifika pansi chifukwa mpweya umachitchinga. Pafupifupi tsiku lililonse, kwinakwake kutali m'chilengedwe, kumachitika kuphulika kumene kwa masekondi ochepa kumawala kuposa nyenyezi zonse za mumlalang'amba wathunthu. Satelayiti ikaona, imatumiza uthenga wonena mbali ya thambo kumene kuwalako kwachokera. Koma sinena kuti ndi kutali bwanji, kapena chaphulikacho n'chiyani. Kuti zimenezo zidziwike pamafunika telesikopu yoti ipeze kuwala kotsalira, kadontho kamene kamazimirira m'maola ochepa ngati khala losiyidwa pamphepo. Gulu la Louisa linali ndi telesikopu yaing'ono pakaphiri kena ku South Africa, yodziyendetsa yokha, ndipo denga lija linali la kanyumba kake. Uthenga ukafika imatembenuka n'kuyamba kujambula popanda munthu. Ikapeza kadonthoko, matelesikopu akuluakulu a m'mayiko ena amadziwa poloza, ndipo iwo ndi amene amayeza mtunda ndi kuona kwawo kwa kuphulikako. Usiku wapitawo kunali kuphulika kowala bwino, koma denga linali litatseka.

Pasanathe sabata zinatsimikizika kuti kachida katsopano koyeza kuwala, kamene anali atakaika miyezi ingapo m'mbuyomo, kankayesa mwezi ngati mbandakucha. Mmisiri wa ku South Africa anakaikira kachitini kotchinga mbali ya kum'mawa, vuto n'kutha. Louisa anawapempha a Gervazio kuti azibwera Lachisanu masana, pamene gulu lonse limakumana pa tiyi kukambirana zithunzi za sabatayo.

A Ellen sanasangalale nazo. Anamva nkhaniyi akusita yunifolomu yawo, ndipo anayankha atamaliza kolala.

"Bambo a Womba, mapepala tangopeza kumene. Supavaiza wanu akamva kuti mukumakhala m'maofesi mwa eniake, adzati chiyani? Anthuwa amaseka nawe lero, mawa ukapezeka pa vuto sakudziwanso."

A Gervazio anati msonkhanowo umayamba shifiti itatha, ndipo palibe chimene akupempha kwa munthu. A Ellen anati anawaona zaka zisanu ndi chimodzi ataima pawindo la hositelo, ndipo sakufuna kudzawaonanso atasweka mtima chifukwa choyembekezera zinthu za eni. Nkhani inathera pomwepo. Koma Lachisanu m'mawa a Gervazio anapeza shati yoyera yosita m'chikwama chawo, pamwamba pa bokosi la chakudya.

Milungu yoyamba ankakhala pafupi ndi chitseko, akumva mawu amodzi pa asanu. Chimene anachigwira msanga chinali ntchito ya maso. Louisa anawaonetsa kuika chithunzi chatsopano ndi chakale cha malo omwewo, n'kumazisinthanitsa mofulumira pa kompyuta mpaka chinthu chimene kale panalibe chiyambe kuphethira. Kompyuta inkachita yokha ntchitoyi, koma inkanamizidwa kawirikawiri ndi zipsera za kamera, mizere ya masatelayiti ndi mitambo yopyapyala, choncho m'mawa uliwonse pankafunika munthu woti aonenso. Ophunzira ambiri ankadana ndi Loweruka ndi Lamlungu. A Gervazio anadzipereka, ndipo gululo linawabwereka laputopu yakale.

Mu Febuluwale anaona kadontho kawo koyamba. Kanali kowala, pakatikati pa malo amene satelayiti inaloza. Analembera gulu lonse uthenga wa zilembo zazikuluzikulu. Patapita mphindi khumi wophunzira wina anayankha mwaulemu kuti kameneko kanali kamwala kodziwika kale kozungulira dzuwa, ndipo akayang'ana bwino aona kuti kakusuntha. Anayang'ana, n'kuonadi kakusuntha. Manyazi anawagwira koopsa. Lachisanu kawiri motsatizana sanapite ku tiyi, ndipo khonde lapamwamba anayamba kulikolopa loyambirira kuti Louisa asawapeze.

Louisa anawapeza ndithu, pa sinki akutunga madzi m'ndowa. Sanawapepese kapena kuwanyengerera. Anawauza kuti iye ali wophunzira analengeza kwa asayansi a dziko lonse kadontho kamene kanali chipsera cha kamera, gulu lina n'kutaya ola lathunthu la telesikopu yaikulu chifukwa cha iye, ndipo anachita kulemba yekha kalata yobweza mawu. Kenako anawalembera pakapepala mafunso oyenera kudzifunsa munthu asanatumize uthenga: kodi kadonthoko kalipo pa zithunzi zakale, kodi kakusuntha, kodi kakutsatira nyenyezi kapena kakutsatira kamera, kodi kakuzimirira.

"Lamlungu likubwerali tinakulembani inu," anatero akuchoka. "Palibenso wina."

Kenako kunabwera kudikira, kopitirira chaka. Kuphulika kwina kunkachitika ku South Africa kuli masana, kwina kumpoto kumene telesikopu yawo sifika, kwina kuseri kwa mvula. Kawiri kadontho kanapezeka, koma kompyuta inali itakaona kale aliyense asanadzuke. A Gervazio sanatope. Ankatsegula laputopu Loweruka ndi Lamlungu lililonse m'mawa, kulemba kuti palibe kanthu, n'kutseka. Madzulo ankabwereka mabuku a masamu a Womba, mtsikanayo n'kumawakonza m'Chingelezi iwo akufunsa m'Chichewa.

Lamlungu lina la Meyi 2023 linali tsiku la Misa ya Chichewa, imene Bambo Lawrence, wansembe wa ku Malawi, ankachititsa kamodzi pamwezi m'tchalitchi china cha ku Drumcondra. A Ellen anali a m'kwaya ndipo ankafuna kufika msanga kukakonzekera nyimbo. A Gervazio anatsegula laputopu patebulo la m'khitchini 6 koloko, akuganiza kuti ndi ntchito ya mphindi khumi. Anapeza uthenga. Kuphulika kunali kutachitika maola awiri m'mbuyomo, ndipo sikunathe ngakhale sekondi imodzi. Ankadziwa kuti mtundu waufupi umenewu ndi wosowa, kuwala kwake kotsalira n'kofooka ndipo kumazima msanga. Telesikopu inali itajambula zithunzi makumi asanu ndi limodzi kusanache, kompyuta n'kuziphatikiza zonse pamodzi, n'kulemba kuti palibe chatsopano.

Akanatha kulemba zomwezo n'kukasamba. Koma chithunzi chophatikizacho chinali cha mbuu, ndipo anafuna kudziwa chifukwa chake. Anatsegula pambali zithunzi za kamera ya thambo lonse, zomwe zija zinkaoneka pa sikirini ya kuntchito, n'kuona kuti usikuwo kunkadutsa mitambo yapamwamba, yopyapyala, yoyenda m'mizeremizere kuchokera kumadzulo, yosiya mipata pakati. Kompyuta inali itasakaniza zithunzi zoyera ndi zamitambo. Anayamba kuyenda chithunzi chimodzichimodzi, akuyerekeza nthawi yake ndi malo a mitambo, kusankha zokhazo zimene zinajambulidwa kachigawo ka thamboko kali pampata. Zinatsala khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anaphatikiza zoyambirira pazokha, zomalizira pazokha.

Pa zoyambirirazo panali kadontho, kofooka kwambiri, m'mphepete mwa kabanga kotuwa. Pa zomalizirazo kanalipobe koma kakuvuta kuona. Anatulutsa kapepala ka Louisa, kamene ankakasunga m'kabuku. Pa zithunzi zakale kadonthoko panalibe. Sikankasuntha. Pamndandanda wa miyala yodziwika panalibe woyandikira pamenepo. Telesikopu ikasuntha pang'ono, kankapita limodzi ndi nyenyezi. Anabwereza zonsezi kawiri, kenako anangokhala, manja ali pamaondo.

A Ellen analowa atavala kale chitenje cha kwaya n'kufunsa chimene chawagwira. Anawalozera. A Ellen anavala magalasi, n'kuwerama, n'kuyang'ana mbali iyi ndi iyo.

"Ine sindikuonapo kanthu."

"Kalipo. Koma paja ndinalakwitsapo. Ndikawadzutsa anthu pa Sande chifukwa cha chipsera?"

A Ellen anavula magalasi aja. "Kuntchito kwathu, gogo akayamba kupuma mwachilendo sitidikira kuti titsimikize. Timaitana nesi. Akabwera n'kupeza palibe vuto, ndiye bwino, palibe amene amatikalipira. Imbani foniyo."

Anaimba katatu osayankhidwa, chifukwa Louisa anali m'madzi ndipo foni inali m'chikwama pamiyala. Louisa anawaimbira yekha 7 koloko itadutsa, mano akugundana ndi kuzizira. A Gervazio anafotokoza mwachidule zimene anachita n'kutumiza zithunzi ziwiri zija. Pafoni pankamveka mbalame za kunyanja ndi mafunde. Kenako Louisa anayamba kufunsa mafunso a pakapepala paja limodzilimodzi, iwo akuyankha. Anawauza kuti asachoke pa kompyuta, akuthamangira kunyumba. Ku Chile, kumene kuli matelesikopu akuluakulu, kunali kusanache, koma kunatsala maola atatu okha a mdima.

Louisa atayeza yekha malo ndi kuwala kwa kadonthoko, analemba chidziwitso chachifupi cha mtundu umene magulu a ntchitoyi amatumizirana dziko lonse, n'kuwawerengera pafoni. Pamwamba panali mayina, ndipo lachiwiri linali G. Chadewa. A Gervazio anati dzina lawo lichoke, iwo si wasayansi, zingadzabweretse mafunso. Louisa anati lamulo lake n'lakuti amene wagwira ntchito amalembedwa, ndipo alibe nthawi yokangana. Chidziwitsocho chinatuluka 8 koloko isanakwane. Pasanathe ola, gulu lina limene linali ndi mpata pa telesikopu yaikulu ku Chile linayankha kuti laloza pamalopo.

Misa anaiphonya. A Ellen ndi Womba anapita okha, ndipo pobwera anati Bambo Lawrence atamva chifukwa chake anaseka, nati munthu amene wakhala m'mawa wonse akuyang'ana kumwamba sangamuimbe mlandu waukulu, koma mwezi wamawa aonekere.

Lolemba anakwera basi yawo monga mwa nthawi zonse n'kuyamba kukolopa. Cha m'ma 10 koloko Louisa anawapeza pamasitepe ali ndi pepala la mzere wokhotakhota. A ku Chile anali atagawa kuwala kwa pamalopo m'mitundu yake ngati utawaleza, ndipo mzerewo unkanena zambiri. Kabanga kotuwa kaja kanali mlalang'amba wina, wakutali moti kuwala kwake kunayenda zaka pafupifupi mabiliyoni atatu kuti kufike kuno. Unali wa nyenyezi zokalamba, mosabadwanso zatsopano, ndipo kadonthoko kanali kunja m'mphepete mwake. Zimenezi, anatero Louisa, zikugwirizana ndi zimene asayansi amaganiza za kuphulika kwakufupi: kuti si nyenyezi yaikulu imene yangofa kumene, koma mitima iwiri yolemera ya nyenyezi zimene zinafa kalekale, imene inakhala ikuzungulirana mpaka kuwombana. Anawachenjeza kuti kuphulika kumodzi sikuthetsa mtsutso, ndipo padzatenga miyezi kuti alembe zonse bwinobwino. Koma palibe telesikopu ina imene inakaona kadonthoko msanga choncho, ndipo pofika Lamlungu usiku kanali katazimiratu. Pakanapanda malo amene iwo anapeza, kuphulikako kukanangolembedwa kuti kwawo sikudziwika, ngati kwina kwambirimbiri.

A Gervazio anagwira pepalalo m'mphepete chifukwa magolovesi awo anali onyowa. Anafunsa ngati angalisunge. Kenako anafunsa ngati sikungatheke kuiphunzitsa kompyuta kuti iziyamba yaona kamera ya thambo isanaphatikize zithunzi, poti mitambo yotereyi m'nyengo yachisanu ku South Africa imabwerabwera. Louisa anati aikambe nkhaniyi Lachisanu, ndipo aikambe okha. Louisa atachoka, a Gervazio anakhala pansi pa sitepe kwa kanthawi, kenako anadzuka n'kumaliza masitepewo. Supavaiza wawo, mayi wa ku Poland wosakonda zolankhulalankhula, atamva nkhaniyi kwa alonda anasindikiza chidziwitso chija n'kuchimata pakhoma la chipinda chosungira ndowa, pafupi ndi ndandanda ya mashifiti.

Moyo sunasinthe tsiku limodzi. Panatenga chaka chathunthu cha mafomu ndi misonkhano kuti Louisa awapezere malo a masiku awiri pa sabata ngati wothandiza pa zida za gululo, woyang'anira kamera ya thambo ndi zoyezera nyengo. Masiku atatu otsalawo akukolopabe, m'nyumba yomweyo, ndipo amati sizimawavuta chifukwa amadziwa kale kumene kiyi aliyense amakhala. Analembetsanso maphunziro a madzulo a anthu akuluakulu ofuna kulowa yunivesite. Mayeso oyamba a masamu analephera, achiwiri anakhoza pang'ono chabe. A Ellen amati nyumba yasanduka sukulu, tebulo la m'khitchini likuchita kulimbirana bambo ndi mwana.

Chaka chatha, atalandira pasipoti ya Ireland, gululo linawatenga pa ulendo wokasintha injini ya denga ku South Africa. Anali asanapondenso mu Africa chichokereni. Atangomva za ulendowu, mlongo wawo Sellina, amene amagulitsa nsalu mumsika wa Limbe, anakwera basi ya masiku awiri kudzera ku Mwanza, Tete ndi Harare kuti adzakumane nawo ku Johannesburg. A Gervazio anapempha anzawo kuti awadikire theka la tsiku, n'kukaima pamalo otsikira mabasi. Anamuzindikira ndi kayendedwe asanaone nkhope. Sellina anaika zikwama pansi n'kuwagwira m'mapewa, akuwayang'ana kumutu.

"Achimwene, imvi zonsezi munazitenga kuti?"

Anakhala pabenchi maola anayi. Sellina anawafotokozera za maliro amene anawaphonya, maukwati, ndi ana amene anabadwa, akuonetsa zithunzi pafoni yosweka galasi. Atamaliza anafunsa kuti ntchito imene yawabweretsa ndi yotani kwenikweni, poti kumudzi ena akuti amayendetsa ndege, ena akuti amalosera mvula ya azungu. A Gervazio anayesa kufotokoza za masatelayiti ndi nyenyezi zakufa, n'kuona kuti sizikulowa. Anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chija, atachikulitsa mpaka mapeto. Sellina anachiyang'ana nthawi yaitali, akupendeketsa foniyo.

"Ndiye ulendo wonsewu ndi wa kakadontho aka?"

Anavomera. Sellina anaseka mpaka misozi, iwonso n'kuyamba kuseka, anthu odutsa akuwacheukira. Atapukuta m'maso anati awatumizire chithunzicho, akachionetse kumsika, amene sakhulupirira ndi zake.

Galimoto ya gulu inafika masana, ulendo wopita ku kaphiri kaja uli wa maola anayi. Sellina anali atakonza zokhala kwa mnzake wina mumzindamo sabata yonse, kuti adzaonanenso pobwerera. Anatsegula chikwama n'kutulutsa jumbo ya mtedza wokazinga ndi botolo la tsabola wa kambuzi, nati zina zonse adzapereka Lachisanu, za alamu ake ndi za Womba, aziyamba kuganiza za malo m'sutikesi. A Gervazio anamunyamulira zikwama mpaka pa takisi, n'kudikira kuti inyamuke, kenako anakakwera kumbuyo kwa galimoto, pakati pa bokosi la injini yatsopano ndi chikwama cha masipanala, n'kuyamba kugawira anzawo mtedza uja.